Sofa yaulere ku Britain: muipeze pa Freegle, pa Facebook kapena ku gulu la tchalitchi?

Nyumba zambiri zalendi ku Britain amakupatsani zili mbee: makapeti, chitofu, mwina makatani, basi. Kuyambira mu February 2022, pamene boma la dzikolo linayamba kupereka ziphaso kwa anthu akunja ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ochuluka afikira m'nyumba zoterezi, ndipo si chachilendo kumva kuti banja latha mwezi wathunthu likugona pa matiresi oyala pansi chifukwa malipiro oyamba anathera ku dipoziti ndi lendi. Chonsecho mumsewu womwewo muli munthu amene sakupeza tulo chifukwa sofa yake yatsopano ikubwera Lachisanu ndipo yakale alibe koipititsa.

Musanasankhe njira, yambani mwamvetsa chimene chimachititsa munthu kupereka firiji yogwira ntchito kwa mlendo. Kwathu chinthu chikayamba kutha chimatsika pachibale: kwa mng'ono, kwa mphwake, kwa wantchito, mpaka chikathere kumudzi. Ku Britain kutaya chinthu chachikulu ndi ndalama. Kuseri kwa nyumba kulibe dzala, m'bini ya khonsolo sofa singalowe, ndipo makhonsolo ambiri amalipiritsa kuti adzanyamule katundu wolemera, kenako n'kukudikiritsani sabata imodzi kapena ziwiri. Ndiye wopereka chinthu chaulere, kunena mosabisa, akugula ntchito yonyamula, ndipo malipiro ake ndi chinthu chomwecho. Safuna kumva mbiri ya mavuto anu. Akufuna kumva kuti muli ndi galimoto, muli ndi wokugwirani mbali ina, ndipo mufika nthawi imene mwanena. Njira zonse zimasiyana pa mfundo yomweyi. Ina imakupezerani anthu osunga pangano koma imachedwa, ina ndi yachangu koma yodzaza ndi anthu ongoyesa madzi.

Freegle ndi Freecycle

Freecycle ndiye gogo wa magulu a pa intaneti opatsana zinthu zaulere. Inayamba mu 2003 ku Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, ndipo woyambitsa wake Deron Beal anaiyamba ngati gulu la maimelo chabe. Mu 2009 anthu ambiri oyendetsa magulu ake ku Britain anasemphana maganizo ndi likulu la ku America, n'kupatuka kuyambitsa Freegle. Lero onse awiri alipo. M'tauni ina gulu la Freegle limakhala lotentha pamene la Freecycle lili zii, m'tauni ina n'kukhala mosemphanitsa. Kulembetsa n'kwaulere konse kuwiri, choncho lowani konse muone komwe kukutuluka zinthu zatsopano tsiku ndi tsiku. Palinso Trash Nothing, app imene imasonkhanitsa magulu angapo oterewa pamalo amodzi kuti musamatsegule zitseko zambiri.

Lamulo la magulu amenewa ndi lolimba: chilichonse chikhale chaulere, osagulitsa, osasinthana. Mowa, fodya, mankhwala ndi zida zoopsa siziloledwa. Zolemba zili mitundu iwiri, OFFER ngati mukupereka ndi WANTED ngati mukupempha. Magulu amayang'aniridwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo zolemba zoyamba za membala watsopano nthawi zina zimadikira kaye kuti wina azione. Zikachedwa kutuluka musaganize kuti akukanani.

Ubwino waukulu wa njirayi kwa munthu wogwira mashifiti ndi wakuti wopereka sakakamizidwa kupatsa woyamba kuyankha. Ambiri amadikira tsiku lathunthu, n'kuwerenga mayankho onse, n'kusankha. Ngati foni yanu imakhala m'loka kwa maola 12 muli kuntchito, apa ndi pamene mungapikisane ndi anthu omwe amakhala pa foni tsiku lonse. Koma kusankhidwa kumadalira uthenga wanu. Mawu awiri akuti mukuchifuna amatayidwa osayankhidwa. Uthenga umene umapambana umakhala ndi moni, dzina la chinthucho chifukwa mwina mwini wake walengeza zinthu zisanu, nthawi ziwiri zenizeni zomwe mungabwere, monga Lachitatu 6 koloko madzulo kapena Loweruka 10 koloko m'mawa, mtundu wa galimoto yomwe mubwere nayo, ndi chiganizo chimodzi chonena ntchito imene chinthucho chikagwire. Chiganizo chimodzi, osati ndime. Kunena kuti mwangolowa m'nyumba yopanda mipando n'kokwanira.

WANTED anthu athu ambiri amaiopa, amaona ngati n'kupemphetsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. M'magalaja ndi m'madenga a nyumba za ku Britain muli zinthu zimene eni ake sanaganizepo zozilengeza, ndipo amangokumbukira akaona wina akufunsa: makina osokera, njinga ya mwana, mapoto, ayironi, makatani, makasu a m'dimba. Pemphani chinthu chimodzi kapena ziwiri, mutchule kukula kwake ndi mtunda umene mungayende. Mukalemba mndandanda wa nyumba yonse, kapena kupempha foni yamakono ndi TV yaikulu, anthu amangoganiza kuti ndinu wamalonda ndipo sayankha.

Kuipa kwake n'kuchedwa. Chinthu chingathe masiku atatu kapena anayi musanamvane tsiku, ndipo m'tauni yaing'ono sabata ingadutse popanda bedi ndi limodzi lomwe. Kwa wopereka amene ali ndi sabata ziwiri, komanso kwa wolandira wofuna mipando yolimba ya matabwa enieni, iyi ndiyo njira yoyamba kuyesa.

Facebook: liwiro ndi matope ake

Pa Facebook pali makomo awiri, ndipo si ofanana. Loyamba ndi Marketplace, yomwe inatsegulidwa mu 2016, pomwe chinthu chaulere chimalembedwa mtengo wa £0. Lachiwiri ndi magulu a m'dera, aja okhala ndi dzina la tauni ndi mawu monga free, freebies kapena reuse. Anthu kumeneko ndi ochuluka kuposa kwina kulikonse. Sofa yooneka bwino ingalandire mauthenga ambirimbiri ola lisanathe, ndipo ngati mukufuna chinthu chichoke lero, kulibe njira ina yoposa iyi.

Walira mvula walira matope. Marketplace ili ndi batani lomwe limatumiza lokha funso lakuti kodi chinthucho chilipobe, ndipo anthu amalidina ali pa basi, alibe cholinga chobwera. Wina amalonjeza 5 koloko, inu n'kusintha zochita zanu, iye osafika, foni osayankha. Vuto limeneli lili ponseponse koma pa Marketplace ndi pamene lafika poipa, chifukwa palibe woyang'anira gulu amene angamudzudzule. Opereka ozolowera amachita motere: sasungira munthu chinthu kupitirira tsiku limodzi, amauza wachiwiri pamzere kuti akhale tcheru, ndipo poyamba amangopereka gawo loyamba la postcode. Nambala ya nyumba imaperekedwa munthuyo akatumiza uthenga wakuti wanyamuka. Mukaona pa chilengezo palembedwa "no holds" kapena "first to collect", dziwani kuti mwini wake anawotchedwapo kale ndipo wofika pakhomo woyamba ndiye atenge. Musabwereke vani pa chilengezo chotere musanamvane naye mwatchutchutchu.

Akuba nawonso amakonda khomo lomweli. Machenjera awo ndi awiri ndipo sasintha. Kwa wolandira, amalengeza chinthu chodula, piyano kapena makina a masewera a ana, ati n'chaulere koma mutumize ndalama ya thiransipoti. Kwa wopereka, amati sangathe kubwera okha, atumiza kampani yonyamula maphukusi, inu mungodina linki ndi kulembapo nambala za khadi lanu la ku banki kuti "mutsimikize". Pa chinthu chaulere palibe chifukwa chilichonse chotumizira ndalama, kudina linki kapena kuuza munthu nambala yomwe yabwera pa foni yanu. Zindikiraninso kuti ogulitsa ena amalemba £0 pongofuna kuti chilengezo chioneke, mtengo weniweni uli m'kati.

Magulu a m'dera ali bwinoko kuposa Marketplace chifukwa ali ndi ma admin, ndipo wosasunga pangano kawirikawiri amachotsedwa. Werengani malamulo a gulu musanalembe. Ena amafuna kuti muyankhe pansi pa chilengezo musanapite ku inbox, kuti mzere uoneke kwa onse.

Zing'onozing'ono: Olio, Buy Nothing ndi ena

Olio inayamba mu 2015 ku London ngati app yogawana chakudya chotsala, ndipo mpaka pano mphamvu yake ili pomwepo: anthu ongodzipereka amakatenga buledi, masamba ndi zina zotsala m'masitolo akuluakulu monga Tesco n'kuzigawira anthu oyandikana nawo. Ili ndi mbali ya katundu wa m'nyumba, koma zimene zimayenda bwino ndi zonyamula m'manja: mbale, makapu, zidole, mabuku, zovala za ana, mafuta odzola omwe wina sanawakonde. Wopereka ndi wolandira amapatsana nyenyezi akamaliza, choncho osasunga pangano amaoneka. Wardrobe musakaifune pa Olio.

Buy Nothing inayamba mu 2013 pa chilumba cha Bainbridge ku America. Magulu ake ndi aang'ono dala, a dera limene mukukhala lokha, ndipo mwambo wake ndi wakuti chinthu chikhale kaye anthu achione wopereka asanasankhe. Cholinga chawo n'chakuti anthu oyandikana adziwane. Kwa amene ali ku America, Canada kapena Australia ndi njira yamphamvu, koma ku Britain magulu ake ndi apatalipatali. Nextdoor imafuna kutsimikiza kuti mumakhaladi m'deralo, ndiye amene mukukumana naye ndi neba weniweni, chinthu chothandiza ngati mulibe galimoto ndipo tebulo muliyendetsa wapansi. Gumtree ili ndi gawo la Freebies, ndipo khalidwe lake ndi lofanana ndi la Marketplace, kungoti anthu ndi ochepa.

Gulu la WhatsApp la anthu akwathu

Kwa munthu amene wangotsika ndege, njira iyi imaposa zonse, ndipo chifukwa chake si katundu ayi koma galimoto. Pa Freegle mudzapeza bedi koma simudzapeza wokunyamulirani. Ku gulu la tchalitchi kapena la Amalawi a m'tauni yanu, amene akupatsani bedi nthawi zambiri amabwera nalo yekha, n'kukuthandizani kulimanga, n'kukuonetsani poyatsira boiler, makina otenthetsa madzi ndi nyumba. Zinthu zake ndi zogwirizana ndi moyo wathu: mapoto akuluakulu a nsima, mthiko, firiza ya bokosi yosungiramo nyama ndi nsomba, mabulangete olemera.

Mtengo wake ulipo ngakhale suoneka pa risiti. Kupatsa n'kuika, ndipo amene wakupatsani firiji adzayembekeza kukuonani pa chikondwerero, pa maliro ndi pa zopereka za gulu. Zimenezo si zoipa, ndi momwe timakhalira, koma muzilowe mukudziwa. Chovuta kwambiri n'chakuti chinthu cha m'bale wa mu mpingo n'chovuta kukana. Matiresi akabwera ali ndi madontho, kapena sofa ikununkha chinyezi, pakamwa pamalemera, ndipo mapeto ake inu ndi amene mudzalipire khonsolo kuti idzachotse. Pemphani chithunzi ndi miyeso katundu asanakwezedwe m'galimoto. Kukana pa foni ponena kuti sichilowa pakhomo n'kopepuka kuposa kukana munthu atafika ali thukuta kamukamu. Funsaninso momveka ngati akukupatsani kapena akukubwerekani, chifukwa mikangano yambiri imabuka chaka chitatha mwini wake akafuna firiza yake.

Nzeru yabwino n'kuphatikiza ziwiri: katundu mumupeze pa Freegle kapena Facebook, manja ndi galimoto muzipeze ku gulu, inu muthire mafuta.

Mukamapereka: charity, khonsolo ndi munthu wa vani

Mabungwe achifundo (ma charity) monga British Heart Foundation, Emmaus ndi Sue Ryder amabwera ndi galimoto yawo kudzatenga mipando ndi zamagetsi kwaulere m'madera ambiri, n'kukagulitsa m'mashopu awo. Amafika tsiku lomwe anena, amabwera awiri, ndipo simulandira mauthenga a anthu osawadziwa. Koma amangotenga chimene angagulitse, ndipo dalaivala ali ndi mphamvu yokana pakhomo pomwepo akaona chong'ambika, dontho kapena ubweya wa galu.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi lebulo ya moto. Malinga ndi malamulo a mu 1988, mpando uliwonse wa thonje kapena siponji wogulitsidwa pa malonda uyenera kukhala ndi kansalu kosokeredwa kosonyeza kuti sugwira moto msanga. Kamakhala pansi pa makushoni kapena kunsi kwa sofa, ndipo kamayamba ndi mawu akuti CARELESSNESS CAUSES FIRE. Matiresi ali ndi kawo kolembedwa BS 7177. Anthu amakadula poyesa kuti n'kachabe, ndipo kakachoka palibe charity imene ingalandire sofayo ngakhale ikhale yatsopano. Lamuloli limagwira amalonda ndi eni nyumba zalendi, siligwira munthu wopatsa mnzake, n'chifukwa chake masofa opanda lebulo amathera pa Freegle ndi Facebook. Wolandira adziwe kuti tsiku limene adzaitope, njira ya charity idzakhala yotseka.

Chimene chakanika konse chipite ku khonsolo, kaya adzatenge pakhomo kapena mukasiye nokha ku malo awo otayirako katundu. Malo ambiri oterewa amafuna kusungitsa nthawi, ndipo vani imafuna chilolezo chapadera, choncho onani pa webusaiti ya khonsolo yanu musananyamuke. Kuyambira mu January 2023 ku England mipando ya siponji yotayidwa imayenera kuwotchedwa m'ng'anjo zapadera chifukwa cha mankhwala oletsa moto omwe ali m'kati mwake, ndipo imasonkhanitsidwa payokha.

Njira ziwiri zooneka zophweka ndi zimene zimabweretsa chindapusa. Yoyamba ndi kuika chinthu m'mbali mwa msewu ndi kapepala kakuti n'chaulere. Mkati mwa mpanda wanu palibe vuto, koma panjira ya anthu oyenda pansi khonsolo ingachione ngati kutaya zinyalala mosaloledwa, ndipo ku England chindapusa chake chingafike £1,000. Yachiwiri ndi munthu wa vani wa pa Facebook amene akuti achotsa zonse pa mtengo wotsika. Akakazitaya m'tchire, mkati n'kupezeka envelopu ya dzina lanu, mlandu umabwerera kwa inu, ndipo chindapusa chingafike £600. Mufunseni nambala yake ya chilolezo chonyamula zinyalala, yomwe ku England imayamba ndi CBDU, muifufuze pa kaundula wa Environment Agency, ndipo akupatseni risiti. Ku Scotland kaundulayu ali ndi SEPA, ku Wales ali ndi Natural Resources Wales.

Chinthu chilichonse chili ndi msampha wake

Njira ikhale iliyonse, zolakwika zambiri zimachitika pakhomo, osati pa foni. Chitseko cha m'kati mwa nyumba zambiri ku Britain n'chotambalala 76 cm ndi kutalika 198 cm, ndipo mpata weniweni umachepa ndi masentimita angapo chifukwa cha felemu. Nyumba zakale zolumikizana zija zili ndi kakhonde kopapatiza ndi masitepe okhota. Yezani khomo lanu, kakhonde ndi pokhotera musanapemphe sofa, ndipo funsani mwini wake miyeso itatu: m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Chimene chimaloŵa pakhomo ndi muyeso waung'ono pa iwiri yomalizayi, sofa itagonekedwa chammbali. Miyendo yambiri imamasuka mukaipotokola, ndipo kuchotsa chitseko pa mahinji kumawonjezera masentimita atatu kapena anayi. Tengani tepi yoyezera, sikuludiraiva ya nyenyezi ndi yafulati, ma Allen key, zingwe zomangira, bulangete lakale ndi timapepala tapulasitiki tosungiramo masikuluwu. Jambulani chinthu musanachimasule. Mawadirobu a matabwa opanikiza aja sapirira kumasulidwa kawiri, mabowo a masikuluwu amanyenyeka, ndipo kathabwa kopyapyala ka kumbuyo kakathyoka chinthu chonse chimapendama.

Pa bedi ndi matiresi, miyeso ndi imene imapusitsa. Single ya ku Britain ndi 90 cm kwa 190 cm, small double ndi 120 kwa 190, double ndi 135 kwa 190, king ndi 150 kwa 200. Mabedi ena, makamaka ena a IKEA, amatsata miyeso ya ku Ulaya monga 140 kwa 200 kapena 160 kwa 200. Mukatenga felemu kwa uyu ndi matiresi kwa uyo osafunsa manambala, mudzagona pa mpata. Werenganinso timatabwa ta pansi ndipo onani ngati mtanda wapakati ulipo.

Nsikidzi ku Britain ziliko, ndipo zimayenda ndi katundu waulere. Kuzichotsa m'nyumba kungadye ndalama zoposa mtengo wa bedi latsopano. Yatsani tochi ya foni muyang'ane m'misoko ya matiresi, pansi pa mabatani, m'makona a felemu ndi kuseri kwa thabwa la kumutu. Timadontho takuda ngati ta inki, timadontho ta magazi ndi timakoko toyera ndi zizindikiro zake. Mukaona chimodzi, siyani zonse za m'nyumba imeneyo. Zovala, makatani ndi zofunda muzichape pa madigiri 60 zisanalowe kuchipinda, ndipo zosachapika muziike m'pepala lapulasitiki mufiriza kwa masiku atatu kapena anayi. Maganizo athu ndi akuti felemu ya bedi itengeni yaulere, koma matiresi, ngati thumba lingalole, gulani atsopano ngakhale otchipa.

Firiji muipeze ili yoyaka, kapena pemphani kuti aiyatse usiku wake kuti mukaone ikuzizira. Onani labala wa pachitseko: tsekerani kapepala, kakasololoka mosavuta ndiye kuti mpweya wozizira umathawa ndipo bilu ya magetsi idzakuuzani. Inyamuleni choimirira. Ikagonekedwa, mafuta a mu kompresa amalowa m'mapaipi a gasi, ndipo mukaiyatsa nthawi yomweyo kompresa imayenda youma n'kupsa. Yayenda choimirira, idikireni maola anayi musanaiyatse. Yagonekedwa, idikireni maola 24. Wopereka aizimitse tsiku lathunthu kuti madzi oundana asungunuke, apo ayi adzasungunukira m'galimoto ya mnzanu.

Makina ochapira ndi otambalala pafupifupi 60 cm koma amalemera makilogalamu 60 mpaka 80, chifukwa mkati muli zibuma za konkire zoletsa kudumpha. Pamafunika anthu awiri ndi kangolo. Tsekani madzi pa valavu ya kumbuyo, masulani paipi, tsegulani sefa ya pansi kutsogolo muli ndi beseni ndi thawulo, ndipo funsani ngati mabawuti omangira ng'oma paulendo alipo. Amakhala atatu kapena anayi, ndipo ambiri anawataya kalekale. Popanda iwo ng'oma imagwedezeka n'kuwononga masipuling'i, choncho yendani pang'onopang'ono makinawo ali choimirira. Ngati munawamanga, achotseni musanachape. Wopereka asaiwale kutseka kapaipi ka pansi pa sinki pomwe pamalowa madzi otayika, chifukwa kakasiyidwa kotsegula madzi otsukira mbale amathera m'kabati. Pa makina ochapira ndi oumitsira zovala, lembani nambala ya modelo muifufuze pa intaneti: mu 2019 kampani ya Whirlpool inaitanitsa makina ena a Hotpoint ndi Indesit chifukwa cha chiopsezo cha moto, ndipo ena mwa iwo akuzungulirabe m'magulu aulere.

Chitofu cha gasi ndi chaulere pa dzina lokha. Lamulo limafuna kuti wochilumikiza akhale mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe, ndipo ameneyo amalipiritsa. M'nyumba yalendi musasinthe chitofu musanafunse mwini nyumba. Pa zamagetsi zing'onozing'ono onani waya ngati sanang'ambike, pulagi ngati ilibe chipsera, ndi fyuzi: ya 3 amp pa nyale ndi zina zosapitirira mawati 700, ya 13 amp pa ketulo, ayironi ndi hita. TV yaulere imafunabe laisensi ngati muonera mapulogalamu nthawi imene akuulutsidwa kapena BBC iPlayer. Foni kapena tabuleti ya Apple imene mwini wake sanachotsemo akaunti yake ndi mwala chabe, choncho aichotse inu muli pomwepo.

Za ana ndi zimene zimachuluka m'magulu onsewa, ndipo zambiri n'zabwino: zovala, mabuku, ngolo zoyendetsera mwana, mipando yodyera. Ziwiri zokha zikaneni kwa munthu wosamudziwa. Mpando wa mwana wa m'galimoto ndi chipewa cha njinga zikagundidwapo kamodzi zimasweka mkati mosaoneka, ndipo mbiri yake simungaidziwe. Kabedi ka khanda mungatenge ngati mipata ya timitengo take siyoposa 6.5 cm ndipo palibe chosoweka, koma matiresi ake akhale atsopano, olimba ndi okwana bwino m'mbali zonse.

Pokatenga kapena polandira anthu, musakhale nokha ngati n'kotheka. Chinthu chonyamulika chiikeni pakhomo munthu asalowe m'nyumba, ndipo pomvana nthawi musamuuze kuti mumagwira usiku masiku akutiakuti. Mukalephera kubwera nenani msanga. Uthenga umodzi wopepesa umasunga dzina lanu m'gulu, pamene kungoti zii kumatsekera khomo ngakhale anzanu obwera pambuyo.

Zotumiza kumudzi

Malawi ndi Britain amagwiritsa ntchito magetsi ofanana, mavolti 230 ndi pulagi ya mano atatu amakona, choncho ketulo, ayironi, mayikulowevu kapena makina osokera ochokera ku Leeds amayaka ku Area 25 popanda kusintha kanthu. N'chifukwa chake ena amatolera zinthu m'magulu aulere kuti adzaze diramu kapena kontena. Palibe cholakwa, bola munene. Opereka ambiri amasangalala kumva kuti makina osokera akathandiza munthu ku Malawi, koma amakwiya akaona chinthu chawo chikugulitsidwa pa Marketplace mawa lake, ndipo ma admin amachotsa anthu pa chifukwa chimenechi. Werengeraninso ndalama: onyamula katundu wa pa sitima amalipiritsa potengera malo amene chinthu chikudya, ndipo kumapeto kwake kuli msonkho wa MRA. Zazing'ono zolimba zimapindulitsa. Sofa ya siponji imadya malo ambiri kuposa mtengo wake, ndipo kalipentala wa ku Ndirande kapena ku Mchesi angakupangireni ina. Zamagetsi zakufa musatumize n'komwe, chifukwa malamulo a Britain amaziona ngati zinyalala zoopsa ndipo kuzitumiza ku Africa n'koletsedwa.

Nyengo nayo imathandiza wotolera. M'matauni a mayunivesite monga Manchester, Nottingham ndi Sheffield, kumapeto kwa June ndi mu July ophunzira amatuluka m'nyumba ndipo mapoto, madesiki ndi mahita zimachita kusefukira. Mu January anthu amachotsa zakale kuti za Khirisimasi zipeze malo, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse kumakhala osamuka.

Inunso tsiku lina mudzasamuka, ndipo chilichonse chimene mudzasiye m'nyumba yalendi mwini nyumba adzachichotsa ndi ndalama ya dipoziti yanu. Yambani ndi pepala la katundu lomwe munasayina polowa, kuti musapereke firiji ya eni ake. Kutatsala sabata zitatu, itanani charity pa zinthu zabwino zokhala ndi lebulo, ndipo tsiku lomwelo sungitsani tsiku la khonsolo la m'sabata yomaliza, mutafunsa kaye ngati amabweza ndalama mukalifafaniza. Kutatsala sabata ziwiri, zimene charity yakana ziikeni pa Freegle ndi ku gulu la akwathu, ndi zithunzi zojambulidwa masana, miyeso, chilema chilichonse chomwe chilipo, ndi kunena ngati muli pa nyumba yapamwamba yopanda chikepe. Kutatsala masiku asanu, zotsala zipite pa Facebook, zing'onozing'ono muziphatikize m'katoni imodzi kuti wotenga atenge zonse. Bedi ndi firiji, zomwe mukuzifuna mpaka usiku womaliza, mulonjeze munthu mmodzi wodalirika tsiku ndi ola, ndipo musunge nambala ya wachiwiri.